Musanamukweze ndege mwana wa m'nkhani yanu

Anzanga, nkhani zambiri zopeka zimene zamatidwa pa bolodi lino teremu ino zikuyenda njira imodzi. Mwana wamasiye akuzunzika kwa mayi omupeza. Kenaka kukutulukira mzungu pa galimoto yoyera, akumumvera chisoni, akumutenga. Mawa lake mwana uja ali m'ndege, ndipo pofika ndime yachitatu akuyankhula Chingerezi cha m'mphuno ngati wowerenga nkhani pa BBC. Pomaliza akubwera kumudzi ali dokotala, masutikesi mbwee, mayi omupeza aja akugwada n'kumapepesa.

Sindikunyoza ayi, mutu wake ndi wabwino ndithu. Koma amene amaima pa bolodi pano si ana a mkaka. Wina achimwene ake ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Wina akuleredwa ndi agogo. Tonsefe takhala tikulimbana ndi Chingerezi kuyambira ku pulayimale, ndipo JCE ikutidikira. Owerenga otere akaona bodza la mtundu umenewu amangoti "aaa, zabodza izi" n'kupita kukagula zitumbuwa. Munthu wa m'nkhani mukhoza kumupeka mmene mungafunire, koma dziko limene akuyendamo ndi lenileni: lili ndi makhoti, zipata za m'malire ndi zilankhulo zimene sizilowa m'mutu tsiku limodzi. Zimenezi sitipeka, timafufuza. Ndiye phunziro la lero ndi limeneli.

Tiyambe ndi kutenga mwana. Kwathu kuno, ku Mitundu, ku Nathenje ndi midzi yozungulira phiri la Bunda, mwana akaferedwa mayi ake sasowa mwini wake. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Maliro akatha akuluakulu amakhala pansi, ndipo atsibweni monga mwini mbumba amanena kuti uyu akakhale kwa agogo, uyu kwa amayi aang'ono. Palibe pepala, palibe khoti, dzina silisintha, ndipo mwanayo amakula akudziwa kwawo. Uku ndiye kulera. Chimene pa Chingerezi amati adoption ndi chinthu china. Pamenepo khoti limachotsa udindo wonse kwa makolo obereka n'kuupereka kwa makolo atsopano, moti mwana amasanduka wawo pa chilichonse mpaka kalekale. Chichewa chathu chilibe liwu limodzi lonenera zimenezi, timachita kuzungulira kuti "kutenga mwana kuti akhale wako mwalamulo". Wolemba wochenjera aone kuti nkhani yabisala pomwepa. Agogo akumudzi akamadinda chala pa pepala, m'mutu mwawo muli kulera, pamene m'mutu mwa loya muli china.

Pali chitsanzo chenicheni chimene dziko lonse linamva. Mu Okutobala 2006 woyimba wa ku America, Madonna, anatenga David Banda ku malo olerera ana a Home of Hope ku Mchinji. Mwanayo anali ndi chaka chimodzi ndi mwezi umodzi. Mayi ake anali atamwalira, koma bambo ake anali moyo. Mwamva? Mwana wokhala ku malo a ana amasiye sikuti nthawi zonse alibe kholo. Ena anapititsidwa kumeneko chifukwa pakhomo panalibe mkaka. Bambowo nthawi ina anauza atolankhani kuti sanamvetse kuti mwana akupita mpaka kalekale, ngakhale pambuyo pake ananena kuti akugwirizana nazo. Ndipo taonani nthawi imene zinatenga: khoti linayamba lapereka chilolezo chongoyembekezera, ndipo chigamulo chomaliza chinabwera mu Meyi 2008. Munthu wa ndalama zake ngati ameneyo anadikira kupitirira chaka ndi theka, ndiye mzungu wa m'nkhani yanu ndi ndani kuti amalize zonse Lachiwiri masana?

Kachiwiri zinavuta kuposa pamenepo. Mu Epulo 2009 Khoti Lalikulu ku Lilongwe, kudzera mwa Jaji Esme Chombo, linakana kuti Madonna atenge Mercy James, chifukwa lamulo lathu, limene linalembedwa mu 1949 nthawi ya atsamunda, limati wotenga mwana akhale munthu wokhala m'Malawi muno. Mu Juni chaka chomwecho Khoti la Apilo linasintha chigamulocho n'kulola. Mu Febuluwale 2017 anatenganso mapasa, Stella ndi Estere, ali ndi zaka 4. Sungani zaka zimenezi, tizifuna kutsogoloku. Lamulo lomwelo limati wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, makolo kapena omuyang'anira avomereze, ndipo a ofesi ya zosamalira anthu ya boma amayamba afufuza n'kukauza khoti ngati zingamukomere mwanayo. Choncho m'nkhani yanu muyenera kupezeka wa ku ofesi ameneyu, jaji, ndi wachibale wina amene mtima ukumukana. Munthu akabwera m'mudzi n'kunyamula mwana popanda zonsezi, akumati akukamuphunzitsa sukulu m'tauni, imeneyo ndi nkhani ina. Ana ambiri otengedwa choncho amakathera ku ntchito za m'nyumba, kuweta ng'ombe kapena m'minda ya fodya, ndipo kuyambira 2015 tili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Mukafuna kulemba imeneyo lembani, koma muidziwe dzina lake. Mukaziona zikuchitikadi, nambala ya 116 ndi yaulere.

Tsopano ulendo. Ndege ya m'nkhani zathuzi imanyamuka pa Lumbadzi n'kukatera ku London ngati minibasi ya ku Mitundu yopita m'tauni. Masiku ano munthu amayamba watsika ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg n'kusintha ndege, ndipo asanafike n'komwe pa bwalo amafunika pasipoti ndi chilolezo cholowera m'dziko la eni. Koma ine funso langa ndi lakuti: bwanji tonse tikuthamangira ku London kumene sitikukudziwa, pamene ulendo weniweni wa anthu a kwathu umadutsa pakhomo pathu penipeni? Imani pa Nathenje m'mbali mwa M1, muona basi za ku Joni zikudutsa ndi ngolo ya katundu kumbuyo. Zina zimatulukira pa chipata cha Dedza, zina zimayamba zafika ku Blantyre n'kukatulukira pa Mwanza. Zonse zimakawoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Werengani bwino: kutuluka Malawi, kulowa Mozambique, kutuluka, kulowa Zimbabwe, kutuluka, kulowa South Africa. Zidindo 6 m'pasipoti, mizere 6 yoima ndi tulo m'maso. Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30 ngati mlendo. Akapitirira n'kugwidwa amakasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi. Mu 2008 komanso mu 2015 anthu ochokera kunja anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa kumeneko, ndipo boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mnyamata wa m'nkhani yanu akamawerenga masiku 30 aja pa kalendala ya m'chipinda chogona anthu asanu, simufunikanso mfiti kapena mayi omupeza kuti owerenga agwire mtima.

Mukafuna kulemba za kale, chaka chikhale choona. Agogo athu ambiri anapita ku migodi kudzera ku Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafa. Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Zinadzayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi. Ndiye mukalemba kuti bambo wina analembedwa ndi Wenela mu 1975, pali agogo ena pa msika wa Mitundu amene angakuuzeni kuti mwanama. Funsaninso za matchona, anthu amene anapita osabwerera, akazi awo n'kumangoyang'ana kumsewu.

Musaiwale kuti nafenso timalandira alendo. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene kale kunali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, ndipo pano kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mtsikana wa ku Congo amafika ndi Chiswahili ndi Chifalansa, Chichewa amachitolera pa mjigo, Chingerezi amakachipeza m'kalasi. Kwa iyeyo kunja ndi kuno, ndipo anthu oyankhula mothamanga osamveka aja ndi ifeyo.

Tafika pa chilankhulo, pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene nkhani zathu zimagwa chagada, chonsecho ndi pamene ife tili akatswiri kuposa wolemba aliyense wa ku London.

Funso loyamba: munthu wanuyo akuchoka ali ndi zaka zingati? David Banda anachoka asanayambe kuyankhula bwinobwino. Mwana wotere saphunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachiwiri ayi, chimakhala chake chenicheni. Iyeyo vuto lake lidzabwera tsiku limene adzafike kumudzi n'kulephera kuyankha moni wa azakhali ake popanda womasulira. Mapasa aja anachoka ali ndi zaka 4, msinkhu umene mwana amakhala akuyankhula kale, akuyimba, akutukwana ndi anzake. Akatswiri a zilankhulo anapeza kuti ana a misinkhu imeneyi akapita kumene kulibe woyankhula nawo chilankhulo chawo, amachiiwala msanga kwambiri, ena chaka chisanathe. Koma sichifufutika chonse. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2017 anaona anthu obadwira ku Korea amene anatengedwa ali makanda kukakulira ku Netherlands. Sankakumbuka liwu ndi limodzi lomwe, koma atayamba kuwaphunzitsa, ankatchula mamvekedwe a Chikoreya msanga kuposa anzawo obadwira komweko. Tangoganizani mtsikana wa zaka 20 amene sadziwa Chichewa, koma "ng'ombe" akuitchula bwinobwino ulendo woyamba, pamene mzungu mnzake lilime lapindika. Imeneyo ndi ndime yabwino kuposa ya masutikesi ija. Tsono wa zaka 15 ngati ife ndi wosiyananso. Chichewa sadzachiiwala, ndipo katchulidwe ka kwawo kadzamutsatira ngakhale atakhala kunja zaka 30.

Chachiwiri, munthu akafika pakati pa chilankhulo chachilendo sayamba ndi kuyankhula. Amayamba ndi kukhala chete. Kumbukani Sitandade 5, pamene mabuku onse anatembenukira ku Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi chiyambire Sitandade 1, koma tonse tikudziwa kuti aphunzitsi athu ankasakaniza kuti timve. Kodi aphunzitsi akafunsa kuti "Have you understood?" tinkati chiyani? Kalasi yonse "Yes, madam!" chonsecho palibe chimene chalowa. Kumbukani mmene mtima umagundira mukadziwa yankho m'Chichewa koma mkono ukukana kukwera. Kumbukani mutu kupweteka pofika masana. Mwana wanu wa m'nkhani akumva zomwezo, kungoti kwa iye belu loweruka silikulira. Taonani kusiyana kwake. Wina alemba kuti:

"Thank you very much, madam. I am delighted to be part of your family," anatero Chikondi akumwetulira.

Wina alemba kuti:

Mayiyo anayankhula mawu ambirimbiri, onse olumikizana ngati mkanda. Chikondi anatolapo limodzi lokha, "hungry". Anayang'ana pansi n'kuti, "Yes." Anamupatsa buledi wozizira wokhala ndi masamba osaphika pakati. Anadya, n'kumadikira kuti nsima ibwera nthawi yanji.

Wachiwiriyu wamudziwa Chikondi. Woyambayu wangokopera kalata ya m'buku la Chingerezi.

Chachitatu, zolakwitsa za munthu wanu zikhale za Mchewa. Musangothyola Chingerezi mwachisawawa kuti anthu aseke. Ife timalakwitsa mwa dongosolo, chifukwa Chichewa chimakhala chikuyankhula pansi pa Chingerezicho. Timasokoneza "he" ndi "she" chifukwa kwathu onse ndi "iye". L ndi R kwa ife ndi mapasa, ndiye "pray" ndi "play" zimamveka chimodzimodzi. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake tinapanga buku, sukulu ndi foloko, ndipo pakamwa pamafuna kuwonjezera ka "i" kumapeto kwa liwu lililonse la Chingerezi. Timati "I am coming" uku tikuchoka, chifukwa m'mutu muli "ndikubwera". Timati "borrow me your pen" chifukwa cha "ndibwereke". Munthu akapunthwa timati "sorry", mzungu n'kudabwa kuti walakwa chiyani iwe, osadziwa kuti ndi "pepani". Mverani anzanu pa nthawi ya mtsutso Lachisanu, lembani zimene mukumva m'kope, osalemba maina. Pakutha pa mwezi mukhala ndi nkhokwe.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu ndi zimene Chingerezi sichitha kunyamula. Chili ndi "you" mmodzi yekha. Mwana woleredwa bwino ku Nathenje, amene sanayambe wanenapo "iwe" kwa munthu wamkulu, akuuzidwa kuti mayi wamkulu ngati ameneyo azimuti "you", liwu lomwelo limene akuitanira galu wa pakhomopo. Mwinanso mayiyo akuti azimutchula dzina lake lenileni, lopanda ngakhale "a" kutsogolo. Akagwada popereka madzi akumudzutsa msangamsanga. Akayang'ana pansi mwaulemu akumuganizira kuti akubisa kanthu. Atsibweni, bambo aang'ono ndi bambo aakulu onse asanduka "uncle", ngati ndi munthu mmodzi. Akafunsidwa kuti ali ndi abale angati, awerenga ndi ana a amayi aang'ono omwe, ndipo kusukulu akumuti wabodza. Zimenezi simungazipeze pa intaneti. Zili m'kamwa mwanu.

Wopita ku Joni naye musamupatse Chingerezi cha m'kalasi. M'tekisi ndi m'misika ya ku Johannesburg mumamveka Chizulu ndi Chisutu, ndipo ambiri amayamba kutola zimenezo kuti asadziwike msanga kuti ndi obwera. Agogo a ku migodi aja ankalamulidwa m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza cha pantchito. Afunseni, ena akuchikumbukabe ndipo amaseka akamachiyankhula.

Pali Amalawi amene anayenda njira zimenezi n'kuzilemba, ndipo mabuku awo ndi poyambira pabwino. Legson Kayira, wa kumpoto, ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America. Anadutsa Tanganyika ndi Uganda n'kukafika ku Khartoum patapita zaka ziwiri, kenaka anakaphunzira ku Skagit Valley College. Dzina loti Legson anadzipatsa yekha ali pasukulu, pofuna lomveka Chingerezi. Nalonso ndi phunziro kwa wolemba, kuti chilankhulo chatsopano chimafika mpaka pa dzina la munthu. Buku lake, I Will Try, linatuluka mu 1965. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga makina a mphepo Chingerezi chikumuvutabe: ankatsata zithunzi za m'buku la mulaibulale n'kumafufuza mawu amodziamodzi. Pamene Chiwetel Ejiofor ankapanga filimu ya nkhaniyi, imene inatuluka mu 2019, anachita kuphunzira Chichewa, komabe Amalawi atamvera anadziwiratu kuti lilime si la kuno. Ngati ife timamugwira mlendo pa liwu limodzi, nafenso atigwira tikalemba za kwawo mongoganizira. Ndipo pafupi pompa, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, Samuel Josia Nthara, analemba Nthondo mu 1933, nkhani ya mnyamata wa kumudzi amene anapita kukagwira ntchito ku Halale. Yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa atayenda kufunsa akuluakulu. Kufufuza si chinthu chobwera ndi azungu a pa kompyuta.

Nanga ife opanda foni yaikulu tifufuza bwanji? Laibulale ya pasukulu ndi yaing'ono, inde, koma muli atlasi: tsatani msewu wa ku Beitbridge ndi chala musanaulembe. Nyuzipepala zakale, ngakhale zokulungira tchipisi, zimakhala ndi nkhani za anthu obwezedwa ku Joni. Mukapita m'tauni, laibulale ya boma ku Lilongwe ilipo. Mukabwereka foni, chimene mwachipeza pa tsamba limodzi mukachipezenso pena musanachikhulupirire, makamaka zaka ndi manambala. Za pa Facebook samalani nazo: galimoto imene achimwene ajambulitsa ataitsamira nthawi zambiri ndi ya abwana.

Koma gwero lalikulu ndi anthu, ndipo kufunsa kuli ndi mwambo wake. Mnzathu wa m'kalasi amene anaferedwa makolo si buku loti muzilitsegula pofuna mamalikisi. Akafuna kukuuzani adzakuuzani yekha, ndipo zimene wakuuzani mwachinsinsi sizibwera pa bolodi pano, ngakhale mutasintha dzina, chifukwa sukulu yathu ndi yaing'ono, tonse tidzamuzindikira. Amene ali ndi m'bale wokhala kunja popanda mapepala, musatchule dzina, mudzi kapena kumene akugwira ntchito. Kwa akuluakulu, pitani madzulo atachoka kudimba, khalani pansi, nenani chimene mwadzera: "Agogo, ndikulemba nkhani ya kusukulu, ndimati mundiuzeko za ku Theba. Dzina lanu sindilemba." Akakana, thokozani n'kunyamuka.

Akalola, musafunse kuti "kunali bwanji?" chifukwa yankho lake ndi "kunali bwino" basi, nkhani yathera pomwepo. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Munanyamula chiyani m'chikwama? Anakuperekezani ndani pokakwera? Usiku woyamba munagona pati, munafunda chiyani? Liwu loyamba la chilankhulo cha kumeneko limene munaphunzira linali liti, ndipo anakuphunzitsani ndani? Munalota m'chilankhulo chanji? Kalata zopita kumudzi ankakulemberani ndani? Mutabwerako, ndi chiyani chimene ana anu anakusekani nacho? Akayamba kufotokoza musawadule, ngakhale apatukire ku nkhani ya njinga imene anabwera nayo. Lembani mawu awo mmene awanenera, osawakonza kuti akhale Chichewa cha m'mayeso. Akangoti zii n'kuyang'ana kumbali, musathamangire funso lina. Dikirani, ndipo mukafika kunyumba mukalembenso kuti anakhala chete pa funso liti.